Mkute wa a Fanuel

Ku Senga Bay, m'mudzi wa asodzi umene uli kuseri kwa nyumba zogona alendo, muli mayi wina wogulitsa usipa amene usipawo saudya. Mayiwa dzina lawo la ubatizo ndi Lilian, koma m'mudzimo amadziwika kuti a Nankhoma, ndipo anzawo a kudoko amawaitana kuti make Hope, potengera mwana wawo mmodzi yekhayo amene anakwatiwa ku Lilongwe. Manja awo amanunkha nsomba chaka chonse, mamba amawakakamira mpaka m'zigongono, koma nsomba siilowa m'kamwa mwawo. Nyama nayo ayi, ngakhale dzira.

Amuna awo, a Fanuel Chisale, anali siginala. Pa usodzi wa usipa, siginala ndi munthu amene amakhala yekha m'kabwato ndi nyali zoitanira nsomba, anzake onse ali m'boti lalikulu ndi khoka. Chaka china mu Julayi mwera unadzuka mosachenjeza. Boti linabwerera ndi anthu ake onse, mikono itatheratu ndi kukapa madzi. Kabwato ka a Fanuel kanapezeka patatha masiku atatu chakufupi ndi chilumba cha Namalenje, katatembenuzika, nyali zikadali zomangirira. Eni ake nyanja sinawabweze.

Sabata yotsatira a Sakina, mnzawo wa pa geni amene thandala lawo loyanikapo nsomba linagundizana ndi la a Nankhoma, anabwera ndi kampango wophika bwino kuti mnzawoyo alaweko kanthu. A Nankhoma atavundukula mbale anakumana ndi mutu wa kampangoyo, ndevu zake ndi kukamwa kwake kotambalala. Mwana aliyense wa kunyanja amadziwa kuti kampango amadya chilichonse chimene chagwera pansi pa madzi. Anavindikira mbaleyo mwaulemu, nathokoza, nkuzungulira kuseri kwa nyumba kukasanza. Kuyambira tsiku limenelo nsomba ya mtundu uliwonse inawakanika. Nyama inangotsatira yokha. Pa Khrisimasi anayesa kanthuli ka mbuzi, kanangozungulira m'kamwa osatsika, ndiye analeka kulimbana nazo.

Geni sanaisiye, popeza ina sankaidziwa. Tsiku lawo linkayamba ndi kulimbirana ndowa za usipa maboti akamakocheza, kenako kufutsa usipawo m'madzi owira amchere, kuuyanika, kuutembenuza, kupirikitsa akhwangwala, kulongedzera ogula ochokera ku Lilongwe, ndipo Loweruka kukwera nawo minibasi kupita kumsika wa kuboma. Munthu wotanganidwa chotere amadya chimene wachipeza. Ndiwo zawo zinali nkhwani, chigwada, chisoso, therere, khobwe zikalola, ndipo njala ikawapeza panjira ankaitseka pakamwa ndi zitumbuwa ndi thobwa.

Anyamata a m'maboti ankawatcha Mayi Rasta.

"Amayi, chatsala ndi tsitsi basi. Mulileke lipotane, ife tikugulirani chipewa cha mitundu itatu chija."

"Masamba alibe minga, ana inu," ankayankha a Nankhoma, maso ali m'ndowa. "Munamvapo kuti munthu watsamwidwa ndi nkhwani?"

Koma panali china chimene anyamatawo sankachidziwa, ngakhale a Sakina amene. Mkazi wa msodzi wa usipa saphika za munthu mmodzi. Mwamuna amanyamuka dzuwa likapendeka, chakudya chisanapse, ndiye mkazi akaphika amamuomolera gawo lake m'mbale zake zovindikira, kuti akatsika m'mawa adye mkute asanagone. Tsiku limene sanabwere, kaya mphepo yawatsekereza kudoko lina, mkazi amadya mkutewo yekha, atsuke mbale, madzulo aikemo zina. Chakudya sichitayidwa, ndipo za m'mbale za bambo sapatsa mlendo. A Nankhoma anaphunzira zimenezi kwa apongozi awo ali mtsikana, nazichita zaka makumi awiri ndi zitatu a Fanuel ali moyo. Tsiku limene boti linabwerera lopanda siginala wake anaomola mitanda itatu monga mwa masiku onse, popeza anthu anali akadafunafuna. Mawa lake chimodzimodzi. Kenako anthu analeka kufunafuna, abusa anabwera kudzapemphera, abale a ku Maganga anabwerera ku mpunga wawo, koma silinafike tsiku lonena kuti lero ndiye usaomole.

Choncho m'mawa uliwonse ankapita kudoko, nkuona amuna onse akutsika m'maboti, nkugula usipa wawo, nkubwerera nawo kunyumba. Asanakoleze moto wofutsira nsomba ankalowa m'nyumba, kuvundukula mbale za a Fanuel, nkudya mitanda itatu yozizirayo choimirira, msangamsanga, monga mmene munthu amasesera pakhomo.

M'chaka chachisanu ndi chiwiri ludzu linawayamba. Ankamwa madzi ngati akuthira pamchenga. Thupi linayamba kutsika, chitenje chinayamba kuwazungulira kawiri. Kenako maso. Poyamba zinali ngati utsi wa nkhuni zaziwisi wokana kutuluka m'khitchini, ndipo ankangoti ndi moto wofutsira nsomba. Tsiku lina ku Chigwirizano, pakati pa amayi anzawo a mpingo, anapatsidwa ndime kuti awerenge. Zilembo zinayenda patsamba ngati nyerere. Anainena pamtima buku lili chotsegula m'manja, ndipo palibe anazindikira.

Utsiwo unabwera ndi mphatso yake imene sanauze munthu. Amuna otsika m'maboti, nkhafi zili paphewa, tsopano ankachoka m'madzi opanda nkhope. Pakati pawo sipankalephera kukhala mmodzi wamtali, wopendekera kumanzere pang'ono monga ankayendera a Fanuel. Kwa kanthawi kokwanira kupuma katatu, munthuyo anali a Fanuel, atanyowa mpaka m'chiuno, akubwera kwawo. Akayandikira ankapereka moni ndi mawu a munthu wina, koma kupuma katatu kuja kunali kutachitika kale. A Nankhoma anayamba kulawirira kwambiri kudoko, ndipo anzawo ankati nkukonda geni.

Chinawaulula ndi usipa womwewo. Tsiku lina anagula ndowa ziwiri za usipa wofewa, wogonera m'boti, umene asodzi anaukuta ndi wabwino pamwamba. Atauthira m'madzi owira unasanduka phala. A Sakina anasuzumira mumphikamo, kenako anayang'ana mnzawo m'maso nthawi yaitali.

"Make Hope, inu amene mumazindikira usipa wogonera mukadali kumtunda uko? Mawa tikupita kuchipatala. Musandiyankhe, kabaza ndaitana kale."

Kuchipatala anawalandira namwino wachitsikana, dzina lake Jenifer, wolankhula mofulumira chifukwa cha mzere wa anthu umene unkadikira panja. Anawabaya chala, nadontheza magazi pa kamakina, nkukweza nsidze.

"Ndi shuga, amayi. Wakwera kwambiri, ndipo wayamba kale kudya maso. Mapiritsi ndikupatsani, koma mapiritsi okha sangathe. Mankhwala aakulu ali m'mbale mwanu. Kwanu nkunyanja, ndiye ndiwo si vuto. Nsomba tsiku ndi tsiku, masamba ambiri, nsima ya mgaiwa mtanda umodzi wolingana ndi chibakera chanu."

"Nsomba sindidya."

"Nyama?"

"Ayi."

"Ndinu a Sabata?"

"Ayi, mwana wanga. Zimangondikanika."

"Awa ndi a Rasta athu," anaponyamo a Sakina ali pakhomo.

Namwino anaseka, nawatchulira nyemba, khobwe, nandolo, soya ndi mtedza. Thobwa, zitumbuwa ndi shuga wa mu tiyi anati atsanzikane nazo. Pomaliza anati agule kope.

"Chilichonse cholowa m'kamwa mulembe, tsiku ndi tsiku, ngakhale kamtedza kamodzi. Mwezi wamawa mubwere nalo tidzaone pamodzi."

A Nankhoma ndi munthu amene akauzidwa chinthu amachichita mpaka kumapeto. Kope anagula tsiku lomwelo, nkumangirira pensulo ndi ulusi wa khoka. Linkayenda nawo m'chikwama cha geni, ndipo ankalemba paliponse pamene ntchito yawapatsa mpata, pamphepete pa thandala, pa bondo m'minibasi, ndi zilembo zikuluzikulu ngati za mwana woyamba sukulu, chifukwa zing'onozing'ono sankaziona. Masamba a kopelo anadzaza madontho amchere ndi timamba towala.

Lachiwiri. Tiyi wopanda shuga. Masana mtanda umodzi, nkhwani wotendera. Mtedza dzanja limodzi. Madzulo mtanda umodzi, khobwe.

Loweruka, kuboma. Chinangwa chophika, kachidutswa. Nthochi theka, theka linalo ndinapatsa a Sakina. Ndinalakalaka chitumbuwa koma sindinagule.

Mwezi woyamba namwino anayamikira kope, koma anadabwa kuti nambala ya pa kamakina sinatsike. Mwezi wachiwiri anawonjezera mapiritsi. Mwezi wachitatu anawatumiza kwa dokotala wa maso, ndipo atabwerako ndi kapepala, Jenifer anaika kopelo patebulo nkuligogoda ndi chala.

"Amayi, kope ili likunena zina, magazi anu akunena zina. Mwa awiriwa wina akunama, ndipo magazi sadziwa kunama."

A Nankhoma anakonza mpango wawo pamutu. Mawuwo anawalasa.

"Ine ndine wa Chigwirizano, mwana wanga. Bodza ndilinenerenji, bodza lake la nkhwani?"

"Thobwa simukumwa? Zakumwa za m'mabotolo? Mwina pa maliro kapena pa ukwati?"

"Ngakhale dontho."

Namwino anawafotokozera za kapepalako mosabisa. M'diso lakumanzere timitsempha tinali titaphulika kale, ndipo chimene chapita kumeneko sichibwerera. Lakumanja likanatha kupulumuka, koma pokhapokha shuga atatsika miyezi ikubwerayi. Kupanda apo mdima udzatseka mbali zonse.

M'minibasi pobwerera a Nankhoma anafufuza m'masiku awo onse ngati munthu wofuna singano pamphasa, kuti mwina pali chimene anaiwala kulemba. Anakumbukira bwemba umene analawa Lamlungu lina. Mkute sunawabwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Kwa iwo kudya kunali kusamba m'manja, kukhala pansi, kupemphera. Za m'mawa zija sankazikhalira pansi ndipo sankazipempherera. Kunali kuchotsa mbale za bambo.

Patatha masiku ochepa a Sakina mchere wofutsira nsomba unawathera, ndiye analondola mnzawo kunyumba. Anaodira kamodzi nkulowa, monga amachitira anthu ozolowerana. Anapeza a Nankhoma ataimirira pafupi ndi kabati, mbale ziwiri zachitsulo zili chovundukula, mtanda wachiwiri uli pakati.

"Subhanallah. Make Hope, izi mwalemba?"

"Izi si zanga."

"Nanga zikulowa m'mimba mwa ndani?"

A Nankhoma anayang'ana nsima imene inali m'dzanja lawo ngati wina wangowagwiritsa.

"Ndi za bambo ake a Hope. Sanabwere, ndiye ndikuchotsa mbale."

A Sakina anakhala pansi pa khomo pomwepo, nkutambasula miyendo. Anafunsa kuti zimenezi zinayamba liti, ndipo atauzidwa anagwira pakamwa.

"Mitanda itatu m'mawa uliwonse. Ine nkumakumverani chisoni kuti mnzanga akufa ndi njala, nkumabisa mandasi anga kuti musawaone."

"Sindinkaziwerengera."

"Shuga ndiye amawerengera. Bwanji osapatsa abakha a kwa aneba?"

"Chakudya cha amuna anga ndipatse abakha?"

"Ndiye mundipatse ine. Ndili ndi adzukulu anayi, amadya ngati dzombe."

"Inunso ndinu mkazi wa msodzi, a Sakina. Za m'mbale za a Ramadhani munapatsapo munthu?"

Zinali zoona, a Sakina anali asanapatsepo munthu. A Ramadhani, amuna awo, ndi amene ankayendetsa boti lalikulu lija tsiku la mwera.

"Ndiye lekani kuomola," anatero a Sakina, mawu ali pansi.

"Nanga akabwera?"

Panja ntchentche zinali zitayamba kusonkhana pa usipa wodikira moto. A Sakina anayang'ana pansi.

"A Ramadhani anawafunafuna masiku asanu ndi anayi, make Hope. Anafika mpaka tsidya, ku Makanjira. Mpaka lero akamaswali amawatchula mu dua, ngakhale sanali a chipembedzo chathu. Wallahi, akanakhala kuti alipo tikanamva."

"Ndikudziwa," anatero a Nankhoma. "Mutu ukudziwa. Koma ikakwana nthawi yophika, dzanja limapima madzi a anthu awiri."

Anamaliza mtandawo, popeza unali wonyemedwa kale, nawapatsa anzawo mchere.

Lamlungu lotsatira atabwerako ku tchalitchi anakhala pakhonde pamene panali kuwala kokwanira, nkutsegula kope patsamba loyamba. Namwino anali atanena zoona, kopelo linanama, ndipo iwo sakanatha kusunga bodza m'chikwama. Pansi pa tsiku lililonse, masiku oposa makumi asanu ndi anayi, anawonjezera mzere umodzi. Ndiwo zokha ndi zimene zinkasintha, ndipo pamene sanakumbukire anangolemba kuti masamba.

M'mawa mitanda itatu ndi chigwada, za a Chisale. Ndinadya ndine.

Jenifer anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, nkuvundukula mofulumira mpaka kumapeto.

"A Chisale ndi ndani?"

"Amuna anga."

"Bwanji osadya okha?"

"Ali panyanja."

"Amabwera liti?"

"Anapita mu Julayi. Zaka zisanu ndi ziwiri zakwana."

Namwino anaika cholembera pansi. Anali mwana wa kumtunda, wa ku Dowa, ndipo za mbale zovindikira anali asanamvepo, koma anafunsa mpaka anamvetsa. Panja wina anatsokomola mokweza pofuna kukumbutsa kuti mzere sukuyenda. Jenifer anatsegula pakamwa kuti anene zimene anaphunzira kusukulu, nkuona kuti pa zimenezi palibe chimene anamuphunzitsa. Atayankhula, anayankhula mwamanyazi, maso ali pa kope.

"Amayi, ine sindingakuuzeni kuti musiye. Si za ine zimenezo. Koma diso latsala limodzi. Kodi bambowo sangachepetseko nawonso? Pang'onopang'ono, monga tinachitira ndi inu?"



"Anali munthu wodya, a Chisale. Mitanda iwiri ankati nkulawa."

"Tiyambe ndi iwiriyo."

"Ndiyesa."

Tsiku limenelo anaomola mitanda iwiri. Povindikira mbale anapezeka atayankhula mokweza m'nyumba mopanda munthu. "Pepani bambo, ndi achipatala." M'zaka makumi atatu za mbale zimenezo anali asanawachepetserepo chakudya, ngakhale chaka cha njala pamene iwo eni ankagonera madzi. M'mawa mwake munthu wamtali uja atatuluka m'madzi ndi nkhafi yake, anaoneka ngati waonda. A Nankhoma anagula usipa wawo, ndipo pa kope analemba kuti mitanda iwiri.

Mwezi utatha nambala inatsika. Namwino anaomba m'manja pang'ono, nati tsopano umodzi.

Ndi mtanda umodziwo thupi linayamba kubwerera. Ludzu linatha. Utsi wa m'diso lakumanja unayamba kupyapyala, ndipo tsiku lina anaona nyerere imodzi payokha ikukoka mutu wa usipa pansi pa thandala, miyendo yake yonse. Ku Chigwirizano anawerenga ndime yonse ndi chala patsamba, ndipo popita kwawo anathokoza Mulungu ndi mtima wonse.

Koma kudoko zinthu zinasintha. Nkhope za amuna otsika m'maboti zinayamba kuoneka akadali kutali. Kupuma katatu kuja kunasanduka kawiri, kenako kamodzi. Munthu wamtali asanafike ndi pouma pomwe, ankakhala atasanduka kale a Elliot okonza mainjini, kapena mlendo wa ku Nkhotakota. A Nankhoma anazindikira msanga chimene chinkachitika. Mtanda uliwonse umene ankachotsa m'mbale unkawabwezera diso, ndipo disolo linkawalanda a Fanuel.

Sabata ina mu Novembala analephera. Anaomolanso mitanda itatu, masiku asanu otsatizana, nkumaidya yonse. Utsi unabwerera pang'ono, ndipo m'mawa wachinayi a Fanuel anayenda mtunda wonse kuchokera m'madzi mpaka pafupi ndi mathandala asanasanduke munthu wina. Poti kunama sankatha, zonsezo anazilemba. A Sakina, amene tsopano ankatenga kopelo m'chikwama osapempha, anawerenga ataimirira pakati pa nsomba.

"Mwayambiranso phwando."

"Masiku asanu okha."

"Ine ndinasiya sukulu sitandade folo, koma izi ndikutha kuwerenga." Anatseka kope. "Make Hope, tamverani. Mukachita khungu, pano simukhala. Hope adzabwera ndi galimoto nkukutengani, mukakhale kuchipinda kwa mpongozi ku Lilongwe, kumene madzi amatuluka pa mpopi. Kumeneko mukadikira ndani? Mbalezo akakuomolerani ndani?"

A Nankhoma anatembenuza usipa umene anali atautembenuza kale.

"Ndiye kulikonse ndiluza," anatero.

"Kulikonse. Koma kwinaku mutsala ndi diso."

Anabwerera ku mtanda umodzi. Mvula itagwa anautsitsa kukhala theka, kenako kachidutswa kosakwana kukhutitsa mwana, kamene kankaoneka kamanyazi pakati pa mbale yaikuluyo. Kupepesa analeka, chifukwa mawu opepesera anawathera. Mu Febuluwale Jenifer anati nambala yafika pamene imafunika, ndipo dokotala wa maso anati lakumanzere lapita ndithu koma lakumanja laima. Kachidutswa kotsalako namwino anangokaona pa kope, nayang'ana a Nankhoma, nkutseka.

Panapita masabata atatu. Lachitatu lina a Nankhoma anabwera kunyumba atatopa, mitambo itawavutitsa tsiku lonse ndi kuanula ndi kuyanikanso. Anaphika mutu uli kwina. Ataomola mtanda wawo anabweza chipande mumphika kuti atenge za bambo, nkupeza kuti mulibe. Dzanja linali litapima madzi a munthu mmodzi. Ufa unalipo, moto unali ukadayaka, ndipo kuphikanso sikukanatenga nthawi. Anaimirira ndi chipande m'manja mpaka nkhuni zinasanduka makala. Kenako anapukuta mbale ziwiri zija, naziika pamwamba pa kabati, nakhala pansi, nasamba m'manja, napemphera.

M'mawa kunacha bwino, nyanja ili bata. A Nankhoma anafika kudoko ndi ndowa zawo maboti akuyamba kukocheza, koma sanalowe m'gulu la amayi olimbirana nsomba. Anaima pambali nkumayang'ana. Diso lawo limodzilo linkaona zonse: utoto wosupuka pa maboti, zigamba za makabudula, chipsera cha pachipumi pa a Elliot. Amuna anatsika mmodzimmodzi, ndipo aliyense anali ndi nkhope yake kuyambira m'madzi momwe. Boti loyamba, lachiwiri, lachisanu. Lomaliza linali la a Ramadhani, likukoka kabwato ka siginala kumbuyo, ndipo siginalayo anali munthu wamfupi wonenepa, akuyasamula. Kumbuyo kwake kunalibe wina. Kunali madzi okhaokha mpaka ku Namalenje.

Ndowa zinagwa zokha. A Nankhoma anakhala pansi pamchenga, naika manja kumutu, ndipo kulira kunatuluka, kuja kwa maliro kumene mkazi amalira mtembo wa mwamuna wake ukamalowa m'mudzi. Kunamveka mpaka ku nyumba za alendo. Malonda anaima. Amayi anathamanga, ena usipa ukadali m'manja.

"Kwagwanji? Ndi Hope? Foni yabwera?"

"Wamwalira ndani?"

A Sakina anadutsa pakati pa anthuwo, natula beseni lawo pansi, nayang'ana mnzawo, nayang'ananso kunyanja.

"A Fanuel Chisale," anatero. "Amwalira a Fanuel Chisale."

Ena mwa atsikana okwatiwa kumene anayang'anana, popeza dzinalo sankalidziwa. Koma amayi akuluakulu anamva. Mmodzi anamasula chitenje chapamwamba nkufunda, nakhala pansi pambali pa a Nankhoma, miyendo chotambasula. Wina anatsatira, ndi winanso, a ku tchalitchi ndi a ku mzikiti mosasankhana, mpaka mchenga wonse wa pakati pa maboti ndi mathandala unadzaza amayi okhala pansi. Anyamata aja amene ankawatcha Mayi Rasta anavula zipewa nkusiya kukuwa mitengo. A Ramadhani anazimitsa injini, napita kukakhala chapatali pamodzi ndi amuna anzawo monga amachitira pa siwa, nkhope itabisika m'manja. Mayi wina wa Chigwirizano anayambitsa nyimbo motsitsa, ndipo inagwira.

Dzuwa linakwera, usipa unayamba kufewa m'maboti, ndipo palibe anadzuka kukaugula. A Sakina anasolola foni m'chikwama ndi dzanja limodzi, linalo likadagwira phewa la mnzawo.

"Hope, ndine make Asiyatu, kuno kudoko. Ayi, amayi ako ali bwino. Upemphe tchuthi kuntchito, ukwere basi ya m'mawa uno. Uwauzenso a ku Maganga. Kuno kuli maliro a bambo ako."